Mutu 9: Lamulo likamasintha pakhomo la kalasi iliyonse

Pa sukulu ya pulayimale iliyonse ana amadziwa zinthu zimene sizinalembedwe pa bolodi kapena mu ofesi ya ahedi. Amadziwa kuti kwa madamu a Sitandade 3 ukachedwa umangolowa mwakachetechete n'kukhala pansi, pamene kwa sala a Sitandade 5 ukachedwa ndi mphindi zomwezo umagwada pakhomo mpaka belu lilire. Amadziwa mphunzitsi amene amaopseza koma sachita, amene amaseka nawe Lolemba n'kukupatsa chibalo Lachinayi pa chinthu chomwecho, ndi amene malipiro akachedwa ndi bwino kumutalikira. Nzeru imeneyi amapatsirana okhaokha pa buleki, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amaigwira msanga kuposa kuchulukitsa manambala.

Ana otere sitinganene kuti ndi osamva. Aphunzira bwinobwino zimene sukulu yawaphunzitsa, kuti lamulo ndi nkhope ya munthu amene waima kutsogolo. Ndiye ntchito yawo ya tsiku lililonse imakhala kuwerenga nkhope, kuyesa kuti lero malire ali pati. Mphunzitsi mmodzi, ngakhale akhale waluso chotani, sangathetse zimenezi payekha, chifukwa ana ake chaka chatha anali kwa wina, chaka chamawa apita kwa wina, ndipo pabwalo amakumana ndi aphunzitsi onse. Kusunga mwambo m'kalasi ndi luso la mphunzitsi aliyense, inde, koma kuti mwambowo ukhale umodzi ndi ntchito ya sukulu yonse. Mutu uno ukukamba za mmene aphunzitsi amene ali kale pa ntchito angaphunzirire zimenezi limodzi.

Kumene tinachokera

Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 15,000 amene anali asanapondepo ku koleji ya uphunzitsi, n'kuwapatsa maphunziro a masabata ochepa chabe. Mu 1997 kunayamba ndondomeko ya MIITEP yowasula anthu amenewa ali pa ntchito: miyezi yochepa ku koleji, nthawi yotsalayo akuphunzitsa uku akuwerenga paokha. M'zaka zomwezo sukulu zinagawidwa m'mazoni, kunamangidwa malo osulira aphunzitsi oposa 300 amene aliyense amangowatchula kuti TDC, ndipo zoni iliyonse inapatsidwa mlangizi wake, a PEA. Kenako kunabwera IPTE, maphunziro a zaka ziwiri amene wophunzira uphunzitsi amagawa pakati pa koleji ndi sukulu imene watumizidwa kukayeserera ntchito.

Mbiri imeneyi ikutanthauza kuti mu sitafu imodzi mumakhala anthu osulidwa mosiyanasiyana. Wina anaphunzira kalekale pamene mkwapulo unali chida ngati choko, wina analowera ku MIITEP, wina wangotuluka kumene ku koleji ya uphunzitsi ya ku Kasungu, ya ku Machinga kapena ya St Joseph's ku Bembeke. Aliyense ali ndi chithunzi chake cha kalasi yabwino. Ndipo zinthu zikathina, ana 110 akusokosera nthawi imodzi (boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma m'makalasi a ana aang'ono kupitirira 100 si zachilendo), munthu sakumbukira za ku koleji. Amakumbukira zimene mphunzitsi wake wa Sitandade 4 ankachita. Unduna unaletsa kukwapula ana, koma kuletsa ndi chinthu china, kuphunzitsa munthu chochita m'malo mwake ndi chinanso. Ambiri anangosintha chida: kugwaditsa, kukumbitsa dzenje, kutchetchetsa udzu pamene anzake akuphunzira masamu.

Zimene anaona Jacob Kounin

Mmodzi mwa anthu oyamba kufufuza mozama za mwambo m'kalasi anali Jacob Kounin wa pa Wayne State University ku Detroit, m'dziko la America. Tsiku lina akuphunzitsa anadzudzula wophunzira amene ankawerenga nyuzipepala kumbuyo, ndipo anaona kuti ena onse, amene sanalakwe kanthu, nawonso anasintha: anangoti zii, maso pa makope. Izi zinamupatsa chidwi choti afufuze kuti kadzudzulidwe kabwino ndi kotani. Anajambula makalasi a pulayimale pa tepi ya kanema n'kumawaonera mobwerezabwereza. Zimene anapeza, zomwe anazilemba m'buku lake la mu 1970, si zimene ankafunafuna. Aphunzitsi a makalasi abata ndi a makalasi achisokonezo sankasiyana kwenikweni pa kadzudzulidwe. Ankasiyana pa zimene ankachita vuto lisanayambe.

Mphunzitsi wa kalasi yabata ankaonetsa ana kuti akuona zonse zochitika m'chipindamo. Awiri akayamba kutsinana kumbuyo, iye ankatchula woyambitsa weniweniyo, ndipo ankatero nkhani isanakule. Mnzake wa kalasi yachisokonezo ankachedwa, n'kudzakalipira wachitatu amene wangoseka, woyambitsa uja ali phee. Kulakwitsa kotereku ana amakuona onse nthawi imodzi, ndipo amadziwa kuti pano munthu akhoza kupulumuka. Mphunzitsi wabwino ankathanso kuchita zinthu ziwiri pakamodzi, kumvetsera amene akuwerenga uku akuloza ndi chala wina woimirira kuti akhale. Sankadula phunziro pakati chifukwa cha kapepala kamene waona pansi. Akafuna kufunsa funso, ankayamba wafunsa, n'kudikira pang'ono, kenako n'kutchula dzina, kuti aliyense aganize kuti mwina agwera ndi iye.

Zaka khumi pambuyo pake, mu 1980, Edmund Emmer, Carolyn Evertson ndi Linda Anderson a ku University of Texas anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo woonerera aphunzitsi kuyambira tsiku lotsegulira sukulu. Anapeza kuti amene makalasi awo ankayenda bwino chaka chonse ndi amene anathera masabata oyambirira akuphunzitsa kachitidwe ka zinthu monga mmene amaphunzitsira phunziro lina lililonse: kufotokoza, kuonetsa, kuyeseza, kukonza, kuyesezanso. Akuluakulu athu anati m'mera mpoyamba, ndipo apa ofufuza anangogwirizana nawo.

Ubwino wa zofufuza zimenezi ndi wakuti zinachotsa nkhaniyi m'manja mwa chibadwa. Timakonda kunena kuti uje ali ndi mphatso, ana amamuopa, uje ndi wofatsa kwambiri. Koma poima pofotokoza, nthawi yotchulira dzina, mmene umatembenukira polemba pa bolodi kuti usafulatire kalasi yonse, zonsezi ndi zochita za manja ndi maso. Munthu akhoza kuziona kwa mnzake, kuziyesa, kulephera, n'kuyesanso.

Maphunziro a ku holo

Vuto lili pa mmene timaphunzitsira aphunzitsi. Njira yozolowereka ndi yotsika masitepe: akatswiri ochepa aphunzitsa alangizi, alangizi aphunzitsa ahedi ndi aphunzitsi osankhidwa ku TDC, osankhidwawo abwerera kukauza anzawo. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo imafika dziko lonse m'miyezi yochepa. Ndi mmene mapulogalamu akuluakulu, ngati National Reading Programme imene inayamba mu 2016, amafikira aphunzitsi masauzande. Pa kufalitsa buku latsopano kapena ndondomeko ya phunziro imathandiza ndithu. Pa nkhani ya mwambo m'kalasi imafooka. Za masiku asanu zimafika ku sukulu zitafupika kukhala mphindi makumi atatu mu sitafu, ana ataweruka, anthu akuyang'ana njinga zawo panja. Amene anapita uja analandira alawansi, otsala sanalandire, ndipo palibe amene sadziwa zimenezo pamene akumvetsera. Choipa kwambiri n'chakuti njirayi imasula munthu mmodzi pa chinthu chimene chimagwira ntchito pokhapokha onse akachichita. Wabwera ndi njira yatsopano, aiyesa sabata imodzi, ana aona kuti m'kalasi yoyandikana nayo zinthu zili mwakale, njirayo n'kufera pomwepo.

Bruce Joyce ndi Beverly Showers anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti aphunzitsi akangomva nkhani, ngakhale kuonerera chitsanzo ndi kuyeseza mu holo, ndi ochepa kwambiri amene amakachitadi m'kalasi. Chiwerengerocho chimakwera pamene pali wina wobwera kudzawaona akuphunzitsa n'kukambirana nawo pambuyo pake. Mu 2018 Matthew Kraft ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 60 wa njira imeneyi ndipo anapeza kuti imasinthadi kaphunzitsidwe, ngakhale kuti phindu lake limachepa pulogalamu ikakula kwambiri. Chenjezo limeneli ndi lofunika kwa ife. A PEA mmodzi ali ndi sukulu khumi ndi zingapo, msewu wa dzinja, ndi mafuta a njinga yamoto amene sabwera nthawi zonse. Sangakhale m'kalasi ya aliyense sabata iliyonse. Amene angathe ndi mphunzitsi wa khomo loyandikana, kapena mkulu wa chigawo cha makalasi aang'ono, apakati kapena aakulu.

Anzathu a ku Zambia anayesa zimenezi. Mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la JICA, anayamba m'chigawo cha Central njira imene aphunzitsi a ku Japan akhala akuitsata kwa zaka zoposa 100. Aphunzitsi angapo amakonzera limodzi phunziro limodzi, mmodzi aliphunzitsa ena akuonerera, akambirana zimene aona, alikonzanso, n'kuliphunzitsanso ku kalasi ina. Anayamba ndi sayansi, kenako njirayi inafalikira ku maphunziro ena ndi zigawo zonse za dzikolo. Sanayambitse msonkhano watsopano ayi. Anailowetsa m'misonkhano ya aphunzitsi imene inalipo kale pa sukulu iliyonse pansi pa ndondomeko yawo ya SPRINT. Cholinga chake chinali kaphunzitsidwe ka phunziro, koma pali phindu lina limene limabwera lokha. Khomo la kalasi limatseguka. Munthu amene wakhala zaka khumi ndi zisanu osaonapo mnzake akuphunzitsa amazindikira kuti ana omwewo amene amamuvuta iye amakhala chete kwa wina, popanda kukalipa.

Sukulu 42 za ku Luwero

Umboni womveka kwambiri wa mu Africa muno woti sukulu yonse ikhoza kusinthira limodzi unachokera ku Uganda. Kumeneko unduna unali utaletsa kale kukwapula ana, koma mkwapulo unali ukugwirabe ntchito. Bungwe la Raising Voices la ku Kampala linakonza ndondomeko yotchedwa Good School Toolkit, ya masitepe asanu ndi limodzi, yotsogozedwa ndi aphunzitsi awiri ndi ana awiri a pa sukulu pomwepo. Muli kukhazikitsa makomiti a aphunzitsi, ana ndi makolo, kugwirizana malamulo a sukulu, bokosi loponyamo madandaulo, bwalo la ana loweruza timilandu ting'onoting'ono, ndi kuphunzitsa aphunzitsi njira zolangira popanda kumenya. Kuyambira 2012 mpaka 2014, Karen Devries ndi anzake a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anaiyesa m'sukulu 42 za m'boma la Luwero, 21 zotsata ndondomekoyi ndi 21 zongopitiriza mwakale, zosankhidwa mwamaere. Patatha miyezi 18, ana amene ananena kuti amenyedwa ndi wogwira ntchito pa sukulu m'sabata yapitayo anali 31 pa 100 alionse m'sukulu zoyambazo, ndi pafupifupi 49 pa 100 m'zinazo. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015.

Manambala amenewa tiwawerenge mosadzinamiza. M'sukulu zotsata ndondomekoyi, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse ankamenyedwabe, ndipo zotsatira za mayeso sizinasiyane pakati pa magulu awiriwo m'nthawi imeneyo. Komabe kutsika kotereku, m'sukulu zakumudzi zodzaza ngati zathu, sikunabwere ndi kalata yochokera ku likulu. Kalatayo inalipo kale. Kunabwera chifukwa sitafu yonse inakhala pansi, mobwerezabwereza, kwa chaka ndi theka.

Zogwirizana zikhale zochepa

Sukulu ikafuna kuyamba, chiyeso choyamba ndi kulemba malamulo makumi awiri pa pepala lalikulu n'kumata pakhoma. Malamulo otere amayoyoka ndi chinyezi palibe wawawerenga. Ku America, ndondomeko imene Rob Horner ndi George Sugai anaikulitsa ku University of Oregon m'zaka za m'ma 1990 imalangiza malamulo atatu mpaka asanu okha a sukulu yonse, onena chochita osati choletsedwa, ndipo amaphunzitsidwa pamalo pamene adzagwirire ntchito. Kwa ife malo amenewo ndi pa asembule, pamzere wa phala, pamjigo, ndi pakhomo la kalasi.

Tiyeni titenge chinthu chimodzi chaching'ono, kugawa mabuku mu Sitandade 2. Ana 100 akhala pansi pa simenti, mabuku 40 ali m'katoni pakona. Mphunzitsi akati "tengani mabuku," kalasi yonse imanyamuka, aang'ono apondedwa, chikuto china chang'ambika, awiri akulira, ndipo pofika poti onse akhale, gawo lalikulu la phunziro lapita. Mphunzitsiyo amakalipa, ana asanu alandira chibalo, mawa zichitikanso chimodzimodzi. Tsopano taonani kalasi imene ana akhala m'mizere yokhala ndi mpata woti munthu n'kudutsa. Mzere uliwonse uli ndi wogawa wake wa sabata imeneyo. Mphunzitsi awomba m'manja kawiri, ana ayankha katatu, kuli zii. Ogawa okha ndiwo aimirira, aliyense atenga mulu wake wowerengedwa kale, buku limodzi pa ana awiri kapena atatu. Zimenezi sizichitika zokha. Amaziyeseza sabata yoyamba ya teremu, kasanu, kakhumi, mpaka ana atatopa nazo. Koma ngati kuwomba m'manja komweko kukutanthauza chinthu chomwecho kuyambira Sitandade 1 mpaka 8, mphunzitsi wa Sitandade 3 amalandira ana odziwa kale, ndipo wophunzira uphunzitsi amene wangofika kuchokera ku koleji amapeza chida chogwira ntchito pa tsiku lake loyamba.

Chinthu china choyenera kugwirizana ndi masitepe a chilango: choyamba kuyang'ana ndi kuyandikira, kenako kutchula dzina ndi chimene mwanayo ayenera kuchita, kenako kumusuntha malo, kulankhula naye payekha pa buleki, ndipo pomaliza ahedi ndi makolo. Mphamvu ya chilango sili pa kuwawa kwake. Ili pa kudziwa kuti chibwera ndithu, kwa aliyense, mwana wa amfumu ngakhale mwana wa ahedi. Apa mpamene chizolowezi chosiyira monitala kulemba mayina a olongolola chiyenera kuunikidwa. Mphunzitsi ali kunja, mwana wa zaka khumi ndiye wapolisi ndi mboni, anzake apamtima sawalemba, amene anamumana chigumu dzulo ali pamwamba pa mndandanda. Mphunzitsi akabwera n'kulanga onse olembedwawo, walanga zimene sanaone, ndipo kalasi yonse ikudziwa.

Ndinene pano kuti kufanana kumene tikukamba si kufanana kwa makhalidwe a aphunzitsi. Wanthabwala akhalebe wanthabwala, wofatsa akhalebe wofatsa. Sikutanthauzanso kutseka maso pa mwana amene akuwodzera chifukwa sanadye, amene wachedwa chifukwa anayamba watunga madzi ndi kuperekeza mng'ono wake, kapena amene samva bwino ndipo akuoneka ngati wamwano. Ana amamvetsa kusiyanitsa kumene kuli ndi chifukwa. Chimene sakhululuka ndi kusiyanitsa kotengera mmene munthu wadzukira.

Pamene zimavutira

Kuonerera mnzako akuphunzitsa ndi nkhani yovuta kuposa mmene imamvekera. Kwa zaka zambiri munthu wolowa m'kalasi ndi kope m'manja anali woyendera sukulu, wofufuza ngati sikimu ndi rejisita zili m'malo, ndipo mantha amenewo sanathe. Palinso ulemu. Mtsikana wa zaka 24 amene wangoyamba ntchito angawauze bwanji bambo amene anaphunzitsa amayi ake kuti amafulatira ana nthawi yaitali polemba pa bolodi? Sangatero, ndipo sitiyenera kuyembekezera kuti atero. Njira yodutsira pamenepa ndi kuchepetsa nkhani. Awiriwo agwirizane chinthu chimodzi chokha choti aone, mwachitsanzo nthawi imene imapita kuchokera pamene belu lalira kufika pamene phunziro layamba. Woonererayo akhale kumbuyo mphindi khumi, alembe zimene ana akuchita osati zimene mphunzitsi akulakwa, ndipo zolembazo zisapite mu ofesi. "Bambo, nditawerenga ndapeza mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo zambiri zinathera pa ana obwera kuchokera ku phala." Mawu otere munthu wamkulu akhoza kuwalandira. Sabata yotsatira asinthane, wamkuluyo akaone wamng'ono.

Ahedi ndiwo amamanga kapena kugwetsa zonsezi. Ngati mphunzitsi watsata masitepe onse n'kutumiza mwana ku ofesi, ahedi n'kumubweza popanda mawu, mphunzitsiyo sadzatumizanso wina. Adzathana nazo yekha mwa njira yakale. Ngati sukulu yagwirizana kuti belu likalira aliyense akhale m'kalasi, koma aphunzitsi atatu akuothabe dzuwa pakhonde ahedi akuona, lamulo la kuchedwa kwa ana latha mphamvu tsiku lomwelo. Ndipo ahedi oyamba kutsegula khomo la kalasi yawo kuti ena adzawaonere amachotsa mantha ambiri kuposa mawu alionse a pa msonkhano.

Makolo nawo asaiwalike. Alipo ambiri amene amafika pa sukulu n'kunena kuti "Aphunzitsi, ameneyu muzimukwapula, kunyumba watikanika," ndipo akamva kuti sukulu yasiya mkwapulo amaganiza kuti yasiya kulera. Komiti ya sukulu, PTA ndi gulu la amayi ayenera kumva masitepe aja sukulu isanayambe kuwatsata, ndi kudziwa kuti akaitanidwa ndiye kuti masitepe anayi adutsa kale.

Chomaliza ndi kusamuka kwa anthu. Chaka chilichonse wina amasamutsidwa, wina amapuma, ophunzira uphunzitsi amabwera n'kupita, nthawi zina ahedi amene. Mgwirizano umene uli m'mitu ya anthu asanu umatha atatu akachoka. N'chifukwa chake uyenera kulembedwa pa tsamba limodzi, kuperekedwa kwa aliyense wofika kumene pamodzi ndi choko ndi rejisita, ndi kuyesezedwanso ndi sitafu yonse chaka cha sukulu chisanatsegulidwe mu September, ana asanabwere, aphunzitsi ena atakhala m'mizere ngati ana pamene mnzawo akuwomba m'manja.